Kabelu ka m'galimoto ya apongozi

Lolemba, 7 Ogasiti 1989. Kwa Zemba.

Mphepo ya mwera chiyambire m'mawa. Mtedza wonse walowa m'nkhokwe. Wonena ndine Lena, wolemba ndi mng'ono wanga Olipa, poti ng'ala yatseka maso anga onse awiri. Chaka chachiwiri chino. Munthu ndimamuona ngati chitsa m'nkhungu.

Kalata yochokera kuchipatala ku Chipata. Dokotala wa maso adzafika Lachitatu pa 16, tsiku limodzi lokha. Mayina adzaitana naini koloko. Wophonya adikire chaka chamawa. Basi kuno sinaoneke milungu itatu, akuti mafuta kulibe.

Regina, mwana wanga, akuti amuna ake akukatenga mbewu ku Chipata tsiku lomwelo, andinyamula pa galimoto ya kuntchito. Ndamuyankha kuti ndamva.

Lachitatu, 9 Ogasiti.

Galimoto yabwera masana. Yoyera, akutero. Ndi ya azungu a ntchito ya mbewu ku Boma la Chadiza. Mipando iwiri yokha. Kumbuyo saloleza munthu.

Ndiye kuti ine ndi apongozi anga, amuna a Regina, phewa ndi phewa, njira yonse. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ali pamudzi pano. Sitinadyerepo pamodzi, sitinapatsanepo dzanja. Tikakumana panjira ya kudimba iwo amapatukira m'udzu, ine ndimayang'ana kumbali. Mawu athu amadzera mwa Regina. Sikudana. Ndi ulemu. Amayi anga anakalamba choncho ndi amuna anga, palibe tsiku anakanganapo.

Regina wandikhazikamo kuti ndizolowere. Atangotembenuza kiyi, kanthu kayamba kulira, nge, nge, nge. Kabelu. Kamamva kuti pampando pakhala munthu, ndipo sikaleka mpaka munthuyo atamanga lamba. Lambayo amachokera paphewa la kukhomo, n'kudutsa pachifuwa, n'kukalowa m'kabowo pafupi ndi ntchafu ya woyendetsa. Ndayesa kasanu, kabowo osakapeza. Olipa, lemba kasanu, osati kakhumi monga akunenera Regina.

Sabata, 13 Ogasiti.

Mapemphero atatha, amuna aunjikana pagalimoto kunja kwa tchalitchi. Ine pamwala wanga wa nthawi zonse, makutu okha.

A Manase, apampando a nthambi ya Chipani, akuti anamva kuti Boma liika lamulo, aliyense wokwera kutsogolo azimanga. "Boma likati mangani, mudzamanga, ngakhale pa ngolo," atero. Anthu kuseka.

A Yoweli, aja anagwira ntchito kumigodi, akana. "Chomangidwa ndi mbuzi yopita kumsika. Galimoto ikagwira moto muthawa bwanji? Thupi ndi langa, Boma lisamale misewu yake." A Manase awachenjeza kuti asamale pakamwa. A Yoweli akuti pakamwa ndi pawonso.

Apongozi ayankha motsitsa mawu, monga mwa khalidwe lawo. Akuti mnzawo wa kuntchito anatulukira pagalasi la kutsogolo pamsewu wa ku Katete, anasiya ana anayi. Kuyambira pamenepo iwo sayendetsa munthu wosamanga, kaya lamulo lilipo kaya palibe.

Ine sanandifunse. Kumangidwa sindikuopa. Ana asanu ndi awiri ndinawamanga pamsana ndi nsalu, palibe anakasuma kwa a Manase. Vuto langa ndi loti kabowo kali kumbali kwa ndani.

Lachiwiri, 15 Ogasiti.

Regina anapempha amuna ake kuti adule kawaya ka kabeluko tsiku limodzi. Akana. Ndinadziwa kuti akana. Denga la nyumba yanga anafolera kawiri chifukwa mzere umodzi wa udzu unakhota.

Tagwirizana chonchi. Regina adzandimanga pakhomo pano. Msuweni wanga wa ku Kapata, m'tauni ya Chipata momwemo, adzandimasula pakhomo la chipatala. Pakati palibe kutsika. Madzi ndaleka kumwa kuyambira masana. Nsalu ina yophimba nkhope mbali ya kumanja. Duku la Chigwirizano cha amayi a kutchalitchi Olipa wasita.

Olipa akuti, "Akulu, ana a masiku ano amadyera mbale imodzi ndi apongozi, kumwamba sikunagwe." Alembe zonena ine, zake akalembe m'buku lake.

Loweruka, 26 Ogasiti.

Ndabwera dzulo. Ang'amba diso la kumanzere. Masiku asanu ndi anayi pabedi, mutu osautembenuza. Kuwala kukulowa, koma zinthu zidakali mbuu. Akuti magalasi ndikatenge mwezi wa Okutobala. Osawerama, osasinja, osayandikira utsi.

Nkhuku ziwiri zasowa ndili uko. Olipa akuti ndi vumbwe.

Olipa akufunsa za panjira kachitatu tsopano. Panjira panalibe chonena. Tinapita, tinafika. Lemba choncho.

Lachinayi, 5 Okutobala.

Izi ndikulemba ndekha. Magalasi ndatenga dzulo, olemera, onenepa ngati pansi pa botolo. Zilembo zikukhota, dzanja linaiwala, sukulu yakenso ndinalekezera panjira. Koma ndi zanga. Olipa asawerenge.

Za pa 16 Ogasiti. Ndinanama.

Regina anandimanga bwino, tinanyamuka tambala wachiwiri atalira. Chete. Titadutsa Boma tinapeza asilikali atatseka msewu ndi migolo, chifukwa cha zigawenga za ku Mozambique. Aliyense atsike. Apongozi anadina kabatani ka lamba ndi nsonga ya bolopeni, ndinatsika chogwira chitseko. Asilikali anasecha pansi pa mipando, ndi kathumba kanga komwe. Msilikali analankhula Chibemba, kenaka anamenya galimoto ndi dzanja kuti tichoke.

Ndinakwera. Nge, nge, nge.

Apongozi anayendetsa pang'ono kuchoka pamigolo, n'kuima. Ndinakoka lamba, ndinafufuza kabowo. Ndimagwira mpando, ndimagwira chitsulo china, ndimagwira nsalu yanga. Dzuwa linayamba kutentha tsaya. Ndinadziwa kuti nthawi ikutha. Iwo phee, kupuma kokha. Munthu wotuma panalibe. Tchire mbali zonse.

Kenaka anatsokomola. Anati, "Iwe kabelu, uwauze amayi kuti kachitsulo akagwira chozondoka."

Ndinati, "Kabelu, uwauze kuti ndamva."

"Uwauze atsitse pang'ono. Kumanja. Ayi, uwauze kuti icho ndi giya."

Ndinatsala pang'ono kuseka. Koma lamba anandipulumuka n'kubwerera kuphewa. Kawiri. Ndinaganiza za chaka china cha m'nkhungu, kugwidwa dzanja popita kuchimbudzi, mdzukulu wobadwa Epulo amene nkhope yake sindinaione. Ndinaganizanso za amayi anga.

Ndinati, "Kabelu, uwauze kuti maso ndikuwafuna. Amange."

Ndinadzifunda nsalu kumutu. Ndinamva akukulunga dzanja m'kansalu kopukutira galasi. Anadutsitsa lamba patsogolo panga, osandikhudza ngakhale chikhadabo. Fungo la sopo ndi dizilo. Kwaa, walowa. Kabelu zii.

Kataleka kulira tinalibenso mthenga. Chete mpaka Chipata. Tinapeza akuitana mayina, pambuyo panga panatsala anthu awiri okha.

Za dzulo. Pobwerera ndi magalasi, m'galimoto ya apongozi momwemuja, ndinamanga ndekha, kamodzi n'kamodzi. Kabowo n'kakakulu ndithu, kali ndi kabatani kofiira. Asilikali anangotikupiza dzanja.

Nsalu ya kumanja sindinaphimbe bwino, magalasi amaikankha. Ndinaona manja awo pachiwongolero. Chala china chopindika, sindinadziwe. Ndinaona imvi pamwamba pa khutu. Anabwera pamudzi pano ali mnyamata wa miyendo ngati bango. Akalambira pakhomo panga ine ndikuyang'ana kumbali.

Titadutsa Boma ndinadina kabatani kofiira. Nge, nge, nge. Anaponda mabuleki, galimoto n'kuima pakati pa fumbi.

Ndinati, "Kabelu, uwauze kuti imvi zawo ndaziona. Uwauze kuti zikomo."

Anapukuta chiwongolero ndi kansalu kaja. Kenaka anati, "Uwauze amayi kuti ndamva. Koma amange kaye."

Ndinamanga. Pamlatho ndinamasulanso, ndinakumbukira zofunsa za chala chija. Akuti chinapanidwa ndi chitseko cha ngolo yanga, chaka cha njala. Regina sanandiuzepo. Padambo ndinamasulanso za nkhuku. Akuti uwauze kuti si vumbwe, anadya ndi alendo a Olipa a Chigwirizano.

Kuchoka pa Boma kufika pakhomo taima kasanu. Regina akufunsa chimene tinachedwera, amuna ake akuti msewu waipa. Diso la kumanja akuti adzang'amba chaka chamawa, ulendo winanso. Ndili ndi zina zofunsa, za malire a dimba, za sukulu ya ana, za

Olipa uyo akubwera ndi madzi.