Dzina Lokhwatchidwa ndi Bolopeni Yofiira

Lolemba, 5 Meyi
Chipinda cha makompyuta chokhomabe. Sabata yachitatu. Ahedi akuti ana angadetse makina, alendo amene anatipatsa akubwera Lachisanu. Ndiye phunziro la mafunde ndaphunzitsa ndi chingwe choyanikira zovala, makompyuta ali phee m'mapulasitiki. Zonyansa.

Mtsikana uja anzake amamutcha Bwanji, chifukwa cha mafunso ake osatha, wandipanikiza. "Aphunzitsi, funde lokwera likakumana ndi lotsika, chingwe n'kuwongoka, ndiye kuti onse afa?" Pachingwe zimathamanga, diso siligwira. Ndamulonjeza kuti adzadzionera yekha pakompyuta, pang'onopang'ono.

Lachiwiri, 6 Meyi
Kiyi watuluka. Koma olowa ndi ana khumi okha m'kalasi yonse, a yunifolomu zosang'ambika. Dzina la Bwanji ahedi alikhwatcha ndi bolopeni yofiira. "Ameneyu pakamwa sipatseka, atichititsa manyazi." Kenaka andikumbutsa kuti kalata yondiwonjezera chaka pantchito ili patebulo pawo, yosasaina.

Ndangoti chabwino bwana. Ine ndemwe, ndi ndevu zangazi. Chabwino bwana!

Lachitatu, 7 Meyi
Tsiku lonse kuloweza. Uyu adzakweza dzanja, uyo adzayankha, winayo adzadabwa. Ngakhale kudabwako tayeserera, kanayi konse.

Chondipweteka n'chakuti pulogalamu ya mafunde ya pakompyutayo ndi yabwino. Ukadina batani mafunde awiri amayandikirana, akakumana mzere umangoti myaa, kenaka lililonse limatulukira mbali inayo lili lamoyo. Mwa khumiwo palibe wafunsa chifukwa chake. Bwanji anali panja, mphuno pagalasi la windo. Achiwiri kwa ahedi akoka katani. Ine maso pansi.

Lachisanu, 9 Meyi
Alendo atatu. Sanathe ndi kotala ya ola yomwe. Zithunzi zokhazokha. Mmodzi anaima kutsogolo kwa sikirini nthawi yonseyo, mafunde akuwombana kumsana kwake. Ana anadabwa pa nthawi yake. M'manja, m'manja.

Kalata yasainidwa. Mayi a kunyumba avina pakhomo, ine chakudya chandikanika. Mapulasitiki abwerera pamakina, kiyi m'thumba mwa ahedi.

Lachiwiri, 13 Meyi
Ndabwereka laputopu kwa mlamu wanga, pulogalamu ndinaikopera pa fulashi. Ndakaiika padesiki pa Bwanji penipeni. Mafunde ndawachedwetsa mpaka kumakwawa. Ndamuuza kuti taona, sakufa ayi, akungodutsana, lililonse likupitiriza ulendo wake.

Wayang'ana kamodzi. "Tilembe ziti, aphunzitsi?" Basi.

Belu lisanalire ndafunsa ngati pali funso. Kalasi yonse yatembenukira kwa iye, monga mwa masiku onse. Ndadikira. Ndafunsanso.

Iye amangosongola pensulo.