Rimoti Imazima Pomaliza, Ba Bizwell

BIZWELL MITI
1980 – 2021

Zaka zinayi zakwana lero chitisiyireni, ba Bizwell. Zinayi! Ndawerenga ndi zala za dzanja limodzi, chatsala chala chimodzi, ndipo chimenecho ndasungira kukulozani.

Ndine azakhali anu Florida a ku Malota, mlongo wawo wa malemu atate anu. Abale anati chaka chino chikumbutso ndilembe ndine poti wamkulu ndatsala ndekha. Adziputira okha. Sukulu ndinalekera giredi thuu, koma ya pakamwa ndinamaliza yonse. Ndikukutchulani kuti inu chifukwa akufa ni akulu, koma musaiwale kuti mamina anu ndinkapukuta ndine, ndi chitenje changa cha kutchalitchi. Chithunzi chili pamwambachi anasankha ndi akazi anu ba Mervis. Mwavala tayi ngati munthu womvera. Owerenga asanamizidwe. Inu weniweni munali uja wa waya pakamwa, magalasi pamphumi, malaya onunkha mtovu wopsa.

Ndakukwiyirani, ndipo sindibisa. Kuchipatala anakuuzani kuti magazi anu akuthamanga, nakupatsani mapiritsi. Inu mumvekere eya, eya. Mapiritsiwo tinakawapeza titakuikani kale, ali m'chitini cha masikuluwu, pepala lake losang'amba n'komwe. Lachiwiri m'mawa munagwa pa makwerero ku loji ya alendo ija ya ku Nakatindi kumene munkakonza magetsi, basi kwatha. Munthu wa zaka makumi anayi ndi chimodzi! Ine wa mano atatu ndikudyabe chimanga chokazinga, inu mwagona. Ulemu wake ndi umenewo?

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi choti kusamala munkakudziwa. Ndinakuonani ndi maso angawa pa kagalimoto ka mwana wanu Tionenji.

Mukukumbuka mmene kanabwerera? Munakatenga kwa ba Nyambe, mnzanu uja wogulitsa ziboliboli kufupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya. Anakapanga ndi waya ndi malata, kutengera magalimoto opanda mazenera aja onyamula azungu kukaona njovu. Kutalika ngati mkono wangawu, mipando yake mizere itatu, denga la kansalu. Kanali koika pa shelefu kuti anthu aziyang'ana. Inu munati galimoto yosayenda ni bokosi chabe. Tionenji anabadwa ndi miyendo yosamunyamula, ndipo mchenga wa ku Malota sugwirizana ndi mpando wa mawilo. Mwanayo akafika pa geti, dziko lake lathera pomwepo. Ndiye munati miyendo ikakana, tituma mawilo.

Miyezi isanu khonde langa munalisandutsa galaja. Mota munachotsa mu dirilo yakufa, makina oboolera a kuntchito kwanu, n'kuimangirira kumawilo akumbuyo. Kutsogolo munaikako kamota kena kakang'ono kokhotetsa mawilo. Pansi pa mipando munagonekapo batire. Kenako kabokosi kolandira zimene rimoti yalamula, kamene ine ndinakatcha khutu, ndi kena koyeza moto wopita ku mota kuti usapite wonse nthawi imodzi, kamene ndinakatcha kapitawo. Munkandiseka kuti maina angawo mulibe m'buku. Koma pofika mwezi wachitatu inu nomwe munkakuwa kuti ndani wakhalira kapitawo wanga.

Tsiku loyamba kuyesa, kapitawoyo anali asanafike kuchoka ku Lusaka, koma inu kuleza mtima kunakukanikani. Munalumikiza mota ku batire mwachindunji. Kagalimoto kanalumpha ngati kalumidwa ndi mavu, kanandimenya pa kakolo, n'kukagubuduza ndowa yanga ya chibwantu, thobwa lathu la kuno. Ndinakuthamangitsani ndi tsache mpaka kuseri kwa chimbudzi, bambo wandevu, mwana wanu akuseka mpaka ntchentche kulowa m'kamwa. Chipsera ndikadali nacho, ndimachisonyeza alendo. Ulendo wachiwiri munasemphanitsa waya wofiira ndi wakuda. Kanatuluka kautsi kabuluu, ba Mervis n'kuthamangira kukhitchini poyesa kuti kapenta wapserera. M'mawa mwake munabwera ndi fiyuzi, n'kundifotokozera ngati ndine wa giredi seveni, kuti kawaya aka kamalola kupsa kokha kuti zina zonse zipulumuke. Kagalimoto kakayenda pang'ono munkakaimitsa, n'kugwira mota ndi chala kuti mumve ngati thupi latentha. Mota ya dirilo munkaiyeza malungo, ba Bizwell! Chidole munachiikira fiyuzi! Nanga inuyo, kumeza kapiritsi kamodzi m'mawa kunali kusenza thumba la simenti?

Ndipo lamulo lanu lija, limene munkatiimbira ngati katekisimu. Poyatsa, rimoti poyamba, galimoto pambuyo. Pozimitsa, galimoto poyamba, rimoti pomaliza. Munkati galimoto ikatsala yoyaka rimoti itazima, khutu lake limamvera mphepo iliyonse, imathawa yokha n'kukadzigwetsa mu ngalande. Tinaloweza tonse, ngakhale ine. Nanga inu munatani? Munazima poyamba. Munatisiya tili choyaka, aliyense kuthamangira kwake.

Masabata atatu okha ndi amene mwanayo anakayendetsa inu mukuona. Koma masabata ake! Zala zazikulu ziwiri pa timitengo ta rimoti, lilime kunja. Ankakatuma kwa aneba kukapempha machesi, kalata ataipanikiza pa mpando wa dalaivala. Nkhuku za mu layini mwathu zinaonda. Ine ndikati ndiwodzereko pa mkeka masana, kankabwera mwakachetechete kudzandigunda kuphazi, ndipo tsiku lina kanathawa ndi kabotolo kanga ka fodya wa pamphuno. Ndinatukwana, koma mumtima ndinkavina. Mwana uja kwa nthawi yoyamba anali ndi milandu kunja kwa geti.

Manje mverani zimene anachita akulu anu ba Lazarus, poti inu munali mutagona simunaone. Tsiku logawa katundu, aliyense wa pabanja amatolako kanthu kokumbukira malemu, mwambo ndi umenewo, sindikutsutsa. Wina nsapato, wina jekete. Ba Lazarus anayang'anayang'ana, n'kuona rimoti ili ndi kamlongoti ndi timagetsi, n'kuti ichi ndiye chooneka chodula. Anatola. Kagalimoto anati ni chidole, asiyireni ana. Ndinawauza kuti mwalekanitsa mutu ndi thupi. Anati azakhali khalani chete, pano pakuyankhula amuna. Ba Mervis anali pansi m'nyumba atafunda chitenje kumutu, mfedwa sayankhula. Tionenji anangoyang'ana rimoti ikulowa m'thumba la jekete, osalira. Kuyang'ana kumene kuja sindidzakuiwala.

Kumanda nakonso mwanayo sanafike. Mpando wake unatitimira mu mchenga pamsewu pomwe, amuna n'kunena kuti msiyeni, aona chiyani. Anamva nyimbo zokuikani ali patali ngati munthu wodutsa. Kuchokera tsiku limenelo analumbira kuti kwa atate ake sadzapita chimanjamanja, adzapita ndi galimoto yawo ikuyenda.

Zaka zinayi ndakhala ndikupempha rimotiyo. Ndinapempha mwaulemu, ndinapempha mwachipongwe, ndinatumako ngakhale amayi a chigwirizano. Yankho limodzimodzi: chogawidwa pamaliro sichibwerera, ndiponso mwanayo angoiwononga. Anaiika mu kabati ya magalasi pabalaza, pa kansalu koluka, pakati pa makapu amene samwera munthu. Ankauza alendo kuti ni chikumbutso cha mng'ono wanga. Chikumbutso! Uku mwini wake weniweni akupukuta fumbi kagalimoto kosayenda Loweruka lililonse, mpaka wakwanitsa zaka khumi ndi zisanu.

Tsono ndiulule pano pa nyuzipepala, kuti abale asavutike kufunsa kwa asing'anga. Ndinaba ndine. Mwezi watha ndinapita kukawachezera, ndinakhala pa sofa, ndinayamba kutsokomola ngati ndikutsirizika. Onse anathamangira madzi. Pobwera anapeza gogo ali bwinobwino, rimoti ili m'chitenje pamimba. Pa kansalu koluka paja ndinasiyapo kandolo, mbatata yaikulu bwino, yofiira. Ndipo tamverani izi, ba Bizwell, museke kumene muliko: anatha masabata awiri asanazindikire! Chikumbutso cha mng'ono wawo chokondedwa, masabata awiri akudutsa pa mbatata. Abusa akafuna kundiimika kutsogolo andiimike, ndivala nsapato zabwino.

Ntchito inatsala inali ya mwana wanu. Mabatire a mu rimoti anali atataya madzi oyera ngati mchere, batire ya m'kagalimoto itatupa ngati chitumbuwa. Ine ndinati basi, ndabera chinthu chakufa. Iye anatulutsa kope lanu lija la zojambula, limene anabisa pansi pa matiresi tsiku logawa katundu. Anapala dzimbiri ndi mandimu ndi mswachi. Ba Nyambe anabweretsa batire ina ndi matayala atsopano odula ku mapatapata, otambalala kuti asatitimire. Waya mwanayo anawotcherera yekha, magetsi akabwera, mtovu ukununkha pakhonde langa ngati kale. Ba Mervis atamva fungolo anatuluka panja kukalira kuseri kwa mtengo wa mango. Asanalumikize batire, mwanayo anayang'ana wofiira ndi wakuda katatu, n'kuyamba waona fiyuzi. Waya anali pakamwa. Ndinafuna kumumenya chifukwa chofanana nanu.

Lamlungu lapitali tinabwera kwa inu. Tionenji tinamukankha pa mpando wake mpaka pamene msewu wolimba umathera, ine ndi ba Mervis. M'kagalimoto anakwezamo maluwa a pa mpanda wathu, mipando yonse itatu kudzaza. Rimoti poyamba, galimoto pambuyo. Kanayamba kuyenda pakati pa mitumbira, kukhota apa, kukhota apo, ine ndikutsata pambuyo ngati kondakitala. Kenako kanaima. Mwala wanu ukuoneka apo, kagalimoto kaima apa. Khutu silikumvanso.

Ndinawerenga mapazi. Rimoti yanu imafika mapazi makumi anayi. Inu munagona pa mapazi makumi asanu ndi awiri kuchokera pamsewu. Khumi ndi awiri, ba Bizwell! Ngakhale pogona munalephera kuyeza? Ndinati ndikanyamule ndikakaike pa mwala, mwanayo anakuwa kuti musakagwire agogo. Anakankha timitengo tija mpaka zala kuyera, misozi ikugwera pa rimoti. Mpando sukuyenda mu mchenga, msana wa ba Mervis unatha kale ndi kumunyamula, ine ndiye nkhuni zouma.

Pamenepo ndi pamene anatulukira ba Lazarus, thukuta kamukamu, kandolo ali m'manja. Anali atapita kwathu kukandizenga mlandu, aneba n'kuwalozera kumanda. Anabwera akukuwa dzina langa lonse. Atafika pamsewu anaona mwana, anaona kagalimoto kali ndi maluwa pakati pa manda, anangoima pomwepo. Ine sindinawapatse moni. Ndinangoti inu atate aakulu a mwanayu, amene mumayankhula pamene pali amuna, pakufunika mapazi khumi ndi awiri, miyendo muli nayo.

Anaika kandolo pansi. Anagwada mu mchenga ndi thalauza la kutchalitchi, mwana n'kukwera kumsana, manja atadutsa pa mapewa awo, rimoti ili patsogolo pa mphuno yawo. Kwa zaka zinayi aka kanali koyamba kuti aione ikugwira ntchito. Ndinawerenga mokweza kuti asabe ngakhale phazi limodzi. Iwo akaponda, kagalimoto kasuntha. Akaponda, kasuntha. Pa khumi ndi chiwiri kanakagunda mwala wanu, go! Ngati munamva kugogoda, anali mwana wanu ameneyo. Simunayankhe, mwano wanu womwe uja.

Mapazi makumi anayi otsalawo palibe anawauza. Anangopitiriza okha, akulira ngati ng'ombe, mpaka anamukhazika pambali panu. Mwanayo anatsitsa maluwa limodzilimodzi. Zimene anakuuzani sindinamve, ndinapita kukatola kandolo wanga. Ndinakawotcha kunyumba, anali wokoma. Pochoka mwanayo anazimitsa galimoto poyamba, rimoti pomaliza, n'kuiika pamiyendo pake. Ba Lazarus anaiyang'ana, ine n'kuwayang'ana iwo, nkhani inathera pomwepo. Pa kansalu koluka paja aikepo chithunzi chanu.

Musaganize kuti mwapulumuka. Ba Mervis akugonabe mbali imodzi ya bedi. Ba Nyambe akaona dirilo yakufa amaitola, kenako n'kukumbuka kuti alibe woipatsa. Tionenji akuti akufuna rimoti yofika patali, akufuna kukaphunzira za magetsi, ndipo mafunso amene amandifunsa ine wa giredi thuu anayenera kuyankha ndinu. Ba Lazarus ndinawagwira dzanja kupita nawo kukayezetsa magazi, mapiritsi awo akumwa ine ndikuona, ndipo ndimawauza atsegule kukamwa.

Kukukhululukirani sindinafikepo, mwana wa mlongo wanga. Koma kukuiwalani ndiye ayi, kuno sitizima. Gonani, ndipo tsiku limene ndidzabwere kumeneko mudzandione ndili ndi tsache.

Ndine azakhali anu Florida, pamodzi ndi akazi anu Mervis, mwana wanu Tionenji, mnzanu Nyambe, ndi akulu anu Lazarus, amene dzina lawo ndaliika pomaliza dala.