A Pilato Amvera pa Foni Kuti Rosie Wandilola

Aphungu,

Ndikulemba ndikuseka ndekha, koma zandivuta. Ndimagwira ntchito pa kakampani kena kuno ku Limbuli, timapanga mapulogalamu a pafoni a alimi a tiyi ndi a kabaza. Kale tikasintha pulogalamu tinkaiyesa ndi kuitumiza pamanja. Ine ndinagawa ntchitoyo kukhala timatasiki, kapena kuti tintchito ting'onoting'ono: kena koyesa ngati zonse zili bwino, kena komanga, kena kotumiza, komaliza kolengeza pafoni kuti zatheka. Timatasikiti timakhala pamalo amodzi, pulogalamu iliyonse imangotitenga n'kutisanja ngati njerwa. Kompyuta imagwira yokha, ife tikumwa tiyi. Ndimanyada nazo, sindibisa.

Loweruka Rosie, amene ndakhala ndikumufunsira, anandilola. Aphungu, ndinafika kunyumba wapansi, njinga nditaiiwala pamsika. Lolemba, chimwemwe chisanandichoke, ndinatsegula katasiki kolengeza kaja. Pamene panali mawu oti "Zatheka" ndinaikapo "Rosie wandilola!" Ndinkaganiza kuti zioneka pa pulogalamu yanga yoyeserera yokha. Ndinaiwala kuti katasikiko n'kamodzi kwa tonse.

Mnzanga Moses atatumiza pulogalamu ya alimi, uthengawo unapita kwa komiti yonse ya kalabu yawo, dzina langa lili pansi pake. Wapampando ndi a Pilato, amalume ake a Rosie, ndipo akwathu sanapiteko n'komwe. A Pilatowo anandiimbira: "Iwe, wakulola ndani? Za mwana wa mlongo wanga ndizimvera kwa makina?" Rosie akuti amalume akakana, zathera pomwepo. Nditani?

I.M., Limbuli

A I.M.,

Mafuno abwino, ndipo njingayo mukaitenge.

Mwadzionera nokha kuti ubwino wa timatasiki togawana ndi womwewo umapweteka: mukakonza pamalo amodzi zakonzeka ponse, mukaseweretsa pamalo amodzi dziko lonse lamva. Lero lomwe bwezeranipo "Zatheka". Kenako mawu a uthenga asamakhale m'kati mwa katasiki, pulogalamu iliyonse izipereka ake. Katasiki kakasinthidwa kazilandira nambala yatsopano, kuti anzanu azikhalabe pa kakale mpaka atafuna okha. Ndipo Moses aziona kaye chilichonse chimene mwasintha, makamaka masiku ano pamene mutu wanu suli pantchito.

Tibwere kwa a Pilato. Sakudana ndi chikondi chanu. Chawapweteka n'choti amva limodzi ndi komiti yonse, pomwe mwambo umati iwo ayambe kumva. Kuthamanga si kufika, achimwene. Musakawafotokozere za makompyuta, mungowonjezera moto. Tengani amalume anu sabata ino, mukakhale pansi, mupepese musanapemphe kanthu. Akayamba kukalipa, asiyeni amalize.

Koma musayerekeze kupepesa pafoni. Foniyo yayankhula kale mokwanira, ndipo a Pilato akudikira kuona ngati mwini wake ali ndi pakamwa.

Aphungu