Pijo ya Baba Ikukana Kupuma

Lolemba, 21 Okutobala

Yalira! Pijo ya Baba yalira lero! Chisefukireni madzi chaka chatha yangokhala pansi pa bwemba, nkhuku zikuikira mazira pampando wakumbuyo. Lero Baba aika batire ina, kupotokola kiyi katatu, utsi tolo bwalo lonse. Ndinasiya diresi ya eni ili pamakina, kuthamangira panja opanda nsapato.

Chachititsa ndi a Antonio, mng'ono wawo wa Baba. Anasiyana nthawi ya nkhondo ku Mozambique. Baba anathawira kuno ku Ngabu ndi galimoto imeneyi, ya atate awo, a Antonio nkusowa. Tonse tinkati anamwalira. Mwezi watha anthu a mpingo ndi amene anatiuza kuti ali moyo, ali ku Mutarara. Loweruka lino awoloka malire pa Marka! Baba akuti akawalandira ndi Pijo, "osati pa minibasi ngati ndikukatenga thumba la makala."

Koma mkatimo kununkha petulo. Maso mpaka kuwawa.

Lachiwiri, 22 Okutobala

M'mawa wonse pamzere wa mafuta, tapeza. Anthu kuizungulira galimoto, ena kujambula. Baba chifuwa patsogolo.

Titathira, fungo lachita kunyanya. Baba sakumva chilichonse, fodya wa m'mphuno anawapha mphuno kalekale. Ati galimoto zakale zimanunkha choncho. Mayi ali pakhonde: "Ba Kaitano, mukufuna m'bale wanu apulumuke nkhondo adzapsere pa Bangula?" Baba kutembenukira kwa ine: "Febbie, bwera ndi mphuno yakoyo."

Ndiye ine ndasanduka galu wa Baba. Kununkhiza kabuleta, pampu, mapaipi. Ndinawaza pauda wanga pa mapaipi onse kuti pomwe pakudontha panyowe. Paliponse gwaa. Kuinjini kulibe mlandu. Fungo lili kumbuyo, mbali ya chivindikiro cha thanki, ndipo limakula dzuwa likafika pamutu. Ndawauza, agwedeza mutu ngati ankadziwa kale. Sankadziwa!

Lachitatu, 23 Okutobala

Tinakaiyesa pamsewu wa ku Bangula, mawindo onse otsegula. Ikuthamanga bwanji! Akabaza kutiimbira mluzu. Tisanafike pa Sorgin yayamba kutsokomola, kenako thii. Dzuwa la uko, phula kumata nsapato.

Baba anati mwina mafuta atha. Ndikutsegula chivindikiro kuti ndione, ndinangomva fyuuu, mpweya kulowa, thanki nkulira bo! ngati chigubu chopondedwa. Ndinalumpha. Baba kuyesa kiyi, yalira ngati palibe chachitika. Pobwerera yachitanso zomwezo kawiri.

Madzulo tinapita kwa a Pius amakaniko, kuseri kwa msika. Sanatsegule nkomwe boneti. Ati: "Thanki imapuma ngati munthu. Mafuta akamatsika, mpweya uzilowa. Kukatentha, mpweya uzituluka. Yanuyi yatsekeka mphuno. Mukamayenda ikudziyamwa yokha mpaka mafuta osapita kuinjini, ikaima padzuwa ikufufuma nkumatulutsa fungo pomwe yapeza kampata." Ati tifune zinthu ziwiri: kampatako, ndi kapaipi kopumira.

Ndamva zonse, ine telala! Ndabwera ndikudumphadumpha.

Lachinayi, 24 Okutobala

Kampata ndakapeza ine!! Labala yolumikiza khosi la thanki yang'ambika kunsi, mng'alu ngati wa chidendene. Suoneka, ndinachita kuupapasa nditagona chagada pa chiguduli. A Pius atipatsa ina. Fungo latha, koma chivindikiro chikulirabe fyuuu. Tsitsi langa lonse girizi. Mwini diresi wabwera kawiri.

Lachisanu, 25 Okutobala

Sindidziwa ndiyambire pati, ndikusekabe.

Kapaipi kopumira kamachoka pamwamba pa thanki nkukathera kuseri kwa tayala. Baba ankati muli chisa cha mavu, amatero mavu a kuno, dothi paliponse. Ndinakatsata ndi zala mpaka kumapeto. Si dothi ayi. Kansalu, kokulungidwa mu pulasitiki ya shuga, komangidwa ndi ulusi wanga wakuda, mfundo zitatu. Ndikukoka ndi waya, katuluka kachitenje ka maluwa achikasu.

Baba anakayang'ana nthawi yaitali. "Emelia!"

Mayi anabwera ndi lichero m'manja. Kungoona kansaluko, dzanja pakamwa. "Mayo ine! Ndinaiwala!"

Nkhani yake: tsiku limene madzi ankalowa m'bwalo, Baba anali kuchipatala ndi malungo, ine ndili nawo komweko. Mayi okha pakhomo. M'malo mothamanga ndi katundu, anang'amba chitenje chomwe anavala nkukwawira pansi pa galimoto, madzi ali m'zigongono, kutseka bowo lililonse lomwe anaona. Cha ku ekizozi anachotsa madzi ataphwa. Ichi chinatsala.

Baba: "Iwe amene umati ndiigulitse kwa azitsulo?"

Mayi: "Ndimati muigulitse, sindinati imire. Mukanadzuka m'chipatala muja nkumva kuti yafa, mukanatsatira."

Baba anakhala pansi padothi pomwepo. Mawu amodzi okha, zikomo wa m'Chisena: "Takhuta." Mayi nkubwerera kukapeta ngati sanamve, koma ndinaona akupukuta maso ndi phewa.

Ndinauzira kapaipiko ndi pakamwa, Baba khutu pakhosi la thanki. "Ikupuma!" Tapita mpaka Bangula nkubwera osaima. Kutsegula chivindikiro, chete. Mkati mukununkha mipando yakale basi. Diresi ndamaliza chamadzulo. Mawa!

Loweruka, 26 Okutobala

Ndikulemba tili pamthunzi pa Marka, kope pabondo.

Tinanyamuka dzuwa lisanatenthe, Baba mu jekete, Mayi kumbuyo ndi nkhuku yootcha. Ulendo wonse osatsokomola ngakhale kamodzi.

Tadikira pafupifupi maola awiri. Anthu akuwoloka, njinga, madengu, aliyense wa imvi ine kumuyang'anitsitsa. Kenako nkhalamba yaitali, yowonda, chikwama chaching'ono m'manja. Inadutsa Baba osawazindikira! Koma itaona galimoto inaima, chikwama nkugwa. Inatembenuka pang'onopang'ono. "Kaitano?"

Zina sindingathe kulemba. Chisena chokhachokha, kulira, kuseka, kugwiranagwirana kumaso. Ine anandikumbatira nkunditchula dzina la agogo aakazi, akuti mphumi ndi yomweyo.

Tsopano akhala awiri kutsogolo, zitseko zotsegula, akudya nkhuku. A Antonio ati manda a atate awo alipobe, mtengo wa mango womwe anadzala pakhomo ukuberekabe. Baba amene zaka zonsezi amati ku Mozambique sadzapondakonso, angowafunsa kuti msewu uli bwanji mvula isanayambe, ndi mapepala otani amafuna kuti galimoto iwoloke.

Baba andiitana pawindo. "Febbie, chiphaso chako chili bwino? Lolemba ukafunse za mapepala. Sitingapite opanda makaniko."