Mpando wa Pakona mu Saluni Yanga

14 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Moni wokhawo ndapereka chifukwa amayi anatilera choncho, musaganize kuti mtima wanga watsika. Uthenga wanu woti mukufuna kudzakhalanso mu saluni yanga kuti mumalize buku lanu ndaulandira. Yankho ndi lakuti ayi.

Munabwera chaka chatha mukunena kuti wolemba amanola khutu tsiku lililonse, ndiye ndikupatseni mpando wa pakona muzimvetsera mmene anthu amalankhulira. Ine kupusa, ndinakupatsani, ndi tiyi yemwe. Mzimayi akamalukidwa tsitsi amakhuthula zonse za kukhosi, inu muli phee kuseri kwa nyuzipepala.

Chimene chinandipha ndi chizolowezi chanu china chija, chowerenga mokweza m'mawa uliwonse zomwe munalemba dzulo lake, ati kuti mumve pamene chiganizo chikupunthwa. Ndinakuuzani kuti muzitseka zenera. Munati mawu amafuna mpweya.

Lachisanu lija mkazi wa mwini butchala analawirira kudzachapitsa tsitsi, ali limodzi ndi apongozi ake. Ataima pakhomo anamva mawu ake enieni akutuluka pakamwa panu: zoti mwamuna wake amanunkha mbuzi ngakhale asambe chotani, ndi zoti mwana wachiwiri uja anatengera nkhope ya ndani. Munachita kubwereza, poti koyamba sizinakukomereni m'khutu!

"Komatu dzina ndasintha," munatero, n'kukwera basi madzulo omwewo. Wotsala ndinali ine. Mkazi uja anandiloza chala m'maso nati, "Iwe, kuno timadzalukitsa tsitsi kapena timadzalembedwa?" Pano banja lake linatha, ndipo msewu wonse ukudziwa kuti linathera mu saluni yanga.

Saluniyo ili zii. Ochepa amene akubwerabe amangoloza sitayilo pakhoma, n'kuyamba asuzumira kuseri kwa katani asanakhale pansi. Ndimaluka mutu wonse osamva ngakhale chifuwa. Zikapitirira chonchi, chaka chino sichitha ndisanatseke, ndipo ndikukwiyirani kwambiri, achimwene. Pampando wanu uja ndinaikapo beseni la matawulo.

Amayi ali bwino, kungoti miyendo ikuwavutabe. Ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikupatsireni, inu mwana wawo wapamtima. Anatsegula pakamwa, kenako anayang'ana pepalali nthawi yaitali.

"Ungomuuza kuti tadzuka," anatero. "Zinazo angalembe."

Ndine mlongo wanu,
Woluka tsitsi