Chumuni cha Nasiru

Lolemba, 9 Juni 2025

Utsi wokhawokha m'khitchini. Chumuni cha uvuni chadzaza mwaye, sichikukokanso. Masikono atuluka akununkha utsi, a Fackson a pagolosale abweza thireyi yonse. Salma chifuwa chosatha. Ndimaphika naye ali kumbuyo, nanga ndimusiyire ndani?

Ndauza apongozi aakazi kuti akanene kwa amuna awo, a Sulemani. Uvuni ndi wawo, ndipo ine mpongozi sindingakaime pamaso pawo ndi nkhani. Yankho labwera: chumuni anamanga ndi Nasiru, adzakonza yekha akabwera ku Joni. Mwamuna wanga ameneyo. Anachoka Salma ali m'mimba, lero mwana akuyenda.

Lachiwiri, 10 Juni

Kuchipatala ku Lisungwi. Anamwino akuti mwanayu achoke pa utsi. Apite kuti?

Pobwerera ndakhotera kwa a Ezekiele owotcherera zitsulo, omwe anathandiza Nasiru kuika paipi ya m'chumunimo. Ndafunsa chotokosera. Akuti chitsulo ayi, paipiyo ndi ya malata, yadyeka ndi dzimbiri, chingaiboole. Nsungwi singapite patali, paipi inakhota pafupi ndi denga. Burashi ya waya ingang'ambe. Akuti chabwino ndi paipi yakuda ya madzi, yofewa ija, kunsonga kumangako khonje, mutu wake usapose chibakera changa.

"Ndingabwere, koma a Sulemani andiitane okha." Sangawaitane.

Lachinayi, 12 Juni

Paipi yakuda ndaipeza kuseri kwa sitolo. Khonje ndamasula chingwe chakale cha mbuzi. Burashi yatheka, koma yaoneka yowonda, ndawonjezera khonje lina. Ili kunsi kwa bedi.

Ndamulembera Nasiru za chifuwa cha mwana. Foni ikuonetsa kuti wawerenga. Zii.

Lachisanu, 13 Juni

Amuna kumzikiti, apongozi aakazi kumaliro ku Chifunga. Salma ndamukhazika pakhonde ndi mbatata. Ndalowetsa burashi m'chumuni cha kumunsi, pang'onopang'ono. Mwaye kugwa, m'maso, m'kamwa, m'duku. Ndinaseka ndekha, kalekale ndisanaseke.

Kenako pokhota paja. Kutsogolo yakana, kumbuyo yakana. Ndakoka ndi mphamvu zonse. Paipi yatuluka yokha, khonje latsala momwemo.

Chibakera changa, anati a Ezekiele. Sindinamve.

Loweruka, 14 Juni

Ndayatsa moto, utsi wonse kubwerera pansi. Masikono palibe lero. A Sulemani alowa m'khitchini koyamba chikwatiwire ine. Ayang'ana mwaye pansi, ayang'ana paipi yakuda, ine ndagwada pakona. Ndimadikira kukalipiridwa. Iwo angouza akazi awo kuti aitane a Ezekiele. Anatuluka akutsokomola.

Bola akanakalipa. Kufatsa kwawoko kwandiopsa.

Lachitatu, 18 Juni

Paipi yatsopano, yowongoka, yopanda pokhota. A Ezekiele andisiyira nsungwi yaitali ndi burashi ya khonje yomanga okha. Utsi ukutuluka bwino. Salma chifuwa chachepa, wadya phala lonse.

Masana ndikukanda ufa, apongozi aakazi abwera kudzakhala pa mpando wa pakhomo. Akuti ya chumuni sinali nkhani ya chumuni, a Sulemani samafuna kuvomera kuti mwana wawo sabweranso. Nasiru anakwatira konko. Pali mwana wamwamuna. Iwo anadziwa m'mwezi wa Ramadani, nthawi yomwe ine ndimawaphikira futali.

"Iwe ndiwe mwana wathu, sitikukuthamangitsa. Uvuniwu ndi wako. Ukafuna kupita kwanu ku Matope sitikuletsa, koma Salma akulira pano."

Kwathu nyumba ya chipinda chimodzi, amayi maso anafooka, ana a achimwene ali momwemo. Ndipo popanda Salma?

Manja anali mu ufa, ndinangopitiriza kukanda. Iwo anadikira, kenako anandifunsa ngati yisiti wa mawa alipo.

Ndinati alipo.