Chiwindi cha Jalia

Lachisanu, 17 Ogasiti 2007

Ababa 16:20
JALIA MWANA WANGA MBUZI ZA TSIKU LA UMODZI ZAFIKA. ZIWIRI ZA AKATOLIKA IMODZI YA CCAP IMODZI YATHU YA KU MZIKITI. NDIZINGA NDINE MAWA MMAWA KUTI ALIYENSE ADYE MOSAKAYIKA. UBWERA?

Gertrude kwa Ababa 17:02
ababa ndinanena kale, wknd ino ndili pa duty ku ward. Ntcheu ndi Phalombe si pafupi. ndipo pls ndine Gertrude, anzanga akaona foni amafunsa kt Jalia ndani

Ababa 17:11
GERTRUDE ANAKUPATSA NDI AMALUME AKO PHILLIP KU TCHALITCHI. INE NDINAKUNONG'ONEZA JALIA M'KHUTU USANATSEGULE NDI MASO OMWE. PACHAKA TSIKU NDI LIMODZI LOKHALI PAMENE ABALE A MALEMU MAYI AKO NDI ABALE ANGA AMADYERA PAMODZI. CHAKA CHINO AMALUME AKO NDI TCHEYAMANI INE NDINE WA MPENI

Ababa 17:14
CHIWINDI NDIKUSUNGIRA MONGA MWA NTHAWI ZONSE. ULI KAMWANA UNKAIMA PAMBALI PANGA KUCHIDIKIRA MPAKA NTCHENTCHE KUKUTERA PAMPHUNO

Gertrude kwa Ababa 17:30
kkkk mumupatse Omar. chaka chamawa ndibwera promise

Ababa 17:33
CHAKA CHATHA UNATERONSO. INSHALLAH

Loweruka, 18 Ogasiti 2007

Omar 08:31
achemwali ndine Omar mlongo wanu wa kwa amayi Marwa. ababa agwa pa ground ya sukulu atangomaliza kuzinga mbuzi yomaliza. tikuthamangira nawo kuchipatala pa galimoto ya ansembe

Gertrude kwa Omar 08:34
agwa bwnj? apunthwa? ndi BP? akulankhula?

Gertrude kwa Omar 08:47
Omar yankha

Omar 08:58
inna lillahi. achemwali ababa atisiya. pageti la chipatala sitinafike nkomwe

Gertrude kwa Omar 08:59
ayi

Gertrude kwa Omar 09:01
usandiseweretse iwe. dzulo lomweli amandivuta za dzina

Omar 09:04
bwerani msanga pls. mayunitsi atha uwu ndi omaliza

Gertrude kwa Omar 09:21
ndikubwera. ndapeza wondigwirira duty. ndikwera ya masana, mawa kukamacha ndili konko. muwasunge ku mochale. ndikufuna ndiwapezere kaye bokosi labwino kuno, ndi suti ndi nkhata. sindinawachitirepo kanthu ali moyo, ichi chokha mundisiyire ine

Omar 09:22
waflasha

Omar 09:23
waflasha

Omar 09:26
waflasha

Gertrude kwa Omar 09:44
ndaona kuflasha kwako. ndakuimbira kawiri sukupezeka, netiweki ya kumapiri kwanuko. limba mtima ndili kwa akalipentala

Omar 09:58
waflasha

Gertrude kwa Omar 10:19
ndapeza la mbawa, lokongola, la zogwirira zowala. akufunsa msinkhu. ababa anali aatali bwnj? ndikuchita manyazi kufunsa

Malume Phillip 10:41
Getu, ndine malume ako. Omar wandipeza akulira, wandionetsa mauthenga ako. Siya bokosilo. Alamu anga ndi Msilamu, sagona m'bokosi, amawakulunga m'nsalu yoyera, sanda. Ndipo kwawo maliro sagona. Akuika LERO ikangotha swala ya 1 koloko. Nyamuka pompano.

Gertrude kwa Malume Phillip 10:43
lero?? munthu wamwalira mmawa uno! akuthamangira chani ngati akutaya galu

Malume Phillip 10:47
Usayankhule choncho. Umenewo ndiwo ulemu wawo, kumufikitsa munthu kwa Mulungu wake mosachedwa. Ine ndimaganiza Omar wakuuza. Omar amaganiza ukudziwa.

Gertrude kwa Malume Phillip 10:52
ndikanadziwira kuti? mayi atamwalira munanditenga inu ndili kamwana. munandiphunzitsa katekisimu yense, nyimbo zonse za maliro ndimaimba osayang'ana mbuku. palibe anandiuzapo mmene bambo anga adzaikidwire

Gertrude kwa Malume Phillip 11:06
ndakwera minibasi ya ku Zomba. yatsala anthu atatu kt idzaze. malume ndikupempha chimodzi. ndione nkhope yawo

Malume Phillip 11:09
Ndamva. Ndikupita kwa a shehe.

Omar 11:38
achemwali ndabwerera pa air. amayi ena a Mvano andiona ndikuflasha andigulira mayunitsi, dzina lawo sindikulidziwa nkomwe. pepani ndinalephera kukuuzani. ndimakwera pachulu kufuna netiweki koma foni imangodula

Gertrude kwa Omar 11:41
si iwe. ndine chitsiru ine, maola awiri ndikusankha mtundu wa polishi. ali kuti pano?

Omar 11:46
kunyumba. akuwasambitsa. msonkhano wa umodzi wathera panjira, anthu angonyamula mabenchi ndi tenti kubwera nazo kwathu. a kwaya adakali mu uniform, ana a madrasa ndi ndakatulo zawo mmanja. palibe wabwerera kwawo

Gertrude kwa Omar 11:49
ananenapo kanthu asanagwe?

Omar 11:55
amaseka ndi amalume anu. amati mbuzi ya CCAP ndi yowonda ngati chopereka chawo. kenako anati mutu, nkukhala pansi. basi

Malume Phillip 12:20
Ndakhala nawo a shehe, ansembe ndi abusa athu anali pomwepo. Anyamata ena a ku mzikiti akuti lamulo ndi lamulo. Athu enanso ayamba zonong'ona zawo kuti kufulumira kotere akubisa chiyani. Ndawauza kuti wofuna miseche akadyere kwawo. A shehe akuti adikira mpaka swala ya alasiri, cha m'ma 3:30. Akuti kupitirira apo sangalonjeze. Uli pati?

Gertrude kwa Malume Phillip 12:23
tangodutsa Balaka. akuima paliponse, ngakhale munthu wongokanda mutu pamsewu akumuimira

Gertrude kwa Omar 13:05
Liwonde. Omar sanda ndi nsalu yotani? ali ndi pilo? sazizidwa mmenemo? ndikudziwa ndi mafunso opusa, ndine nesi, mitembo ndaiona yambiri. koma sindikudziwa kanthu

Omar 13:12
si opusa. ndi yoyera yopanda msoko. anagula okha kalekale imakhala mu sutikesi pansi pa bedi. amawagoneka chammbali kuyang'ana ku Maka. awadzoza mafuta onunkhira. akuoneka ngati akumvera wailesi atatsinzina mmene amachitira muja

Gertrude kwa Omar 13:14
mmene amachitira muja sindikudziwa Omar

Omar 13:15
pepani

Gertrude kwa Omar 14:02
Zomba. ndakwera matola ya ku Jali, akuti ifika mpaka Phalombe. tili 6, driver akuti sanyamuka asanadzaze. ndalira pamaso pa anthu ngati mwana

Malume Phillip 14:10
Anthu ayamba kudya. Amayi a Mvano ndi amayi a dawa a ku mzikiti aphikira pamoto umodzi. Nyama yake ndi yomwe ija azinga okha alamu anga m'mawa. Munthu kudzizingira ndiwo za pamaliro ake.

Gertrude kwa Omar 14:31
tanyamuka! bambo ena a kapu yoyera andifunsa chomwe ndikulira. nditati bambo anga ndi Asilamu akuika lero, aimirira nkumukalipira driver mpaka wayatsa injini. akuti iwo akudziwa tanthauzo lake. aliyense akudziwa kupatula ine

Omar 14:35
alhamdulillah. thamangani

Omar 15:12
mwafika pati?

Omar 15:20
achemwali?

Gertrude kwa Omar 15:33
panalibe netiweki. tadutsa Jali koma taima, akukweza matumba a nandolo. amuna onse atsika kuthandiza kt zichite changu, ndi bambo a kapu aja omwe. msewu wake fumbi ndi mabampu okhaokha

Omar 15:41
azana yoitanira ku swala yalira. amuna abwera kudzamanga nsalu ya kunkhope. amayi aigwira akukana. akuti mwana wamkulu wa nyumba ino sanaone

Gertrude kwa Omar 15:43
amayi Marwa? ine amene sindinawapatsepo moni wabwino chikwatiwire chawo?

Omar 15:45
omwewo. a shehe aima pakhomo angowerama

Gertrude kwa Omar 15:46
auze agwirebe. pls pls

Omar 16:02
achemwali nsalu ija amanga

Omar 16:04
amayi akuti ndikuuzeni anawapukuta kumaso kawiri, kamodzi kawo kamodzi kanu

Gertrude kwa Omar 16:15
ok

Gertrude kwa Omar 16:17
si ok. mtima ukundiwawa Omar, ukundiwawa zedi. ndingofikira kumanda, ndiponyeko ngakhale dothi

Omar 16:22
kwathu akazi safika kumanda. izinso palibe anakuuzani eti. koma njira yochokera ku mzikiti imadutsa msewu wanu pa mtengo wa mango paja pa sitolo ya a Kaliati. mukafika msanga jeneza mukumana nalo. jeneza ndi chonyamulira chija

Malume Phillip 16:30
Aswalira, ife tinaima panja. A kwaya anapempha kuimba nyimbo imodzi, a shehe anati imbani chapansipansi kuseri kwa mpanda. Aimba. Tikunyamuka tsopano. Mwana wa alamu, usataye mtima, ndili ndi nzeru ina.

Gertrude kwa Malume Phillip 16:33
nzeru yanji malume

Gertrude kwa Malume Phillip 16:40
malume?

Omar 16:44
achemwali simungakhulupirire. ife jeneza timayenda nalo mwachangu, ukasenza pang'ono umapatsira mnzako. amalume anu aika amuna onse a tchalitchi pamzere, akuti lero ndi la umodzi aliyense asenzeko. ndiye akuyenda ngati ali ndi minga kumapazi. ansembe nawonso alowa ndi mkanjo wawo

Omar 16:46
anyamata athu aja amalimbikira lamulo nawonso achepetsa. wina akunamizira kukonza patapata. a shehe akuona koma akuyang'ana kumbali

Gertrude kwa Omar 16:48
ndikuseka ndikulira. anthu muno andiyesa wamisala. Michesi ndikuliona, lili pafupi

Omar 16:51
phiri limanamiza. mwadutsa mlatho?

Gertrude kwa Omar 16:52
ayi

Omar 16:59
tafika pa mango. amalume anu ndi amene ali kutsogolo, phewa likunjenjemera koma akukana kupatsira. aima

Gertrude kwa Omar 17:00
aimebe. driver akuti 20 min

Gertrude kwa Omar 17:03
akuti 20 min Omar ndi zochepa

Omar 17:08
dzuwa lafiira. a shehe awagwira amalume anu pamkono, akuti abale tachita zomwe tikanatha, mdima usatipeze naye panja. amalume akulira mokweza pamsewu. sindinaonepo mkulu wa mpingo akulira chonchi

Omar 17:09
tawoloka msewu. ndizimitsa foni, ndine wolowa mmanda kukawalandira

Gertrude kwa Omar 17:10
usazimitse

Gertrude kwa Omar 17:11
uwauze ndili mnjira. uwanong'oneze mkhutu

Gertrude kwa Malume Phillip 17:19
tadutsa mlatho

Gertrude kwa Malume Phillip 17:27
muchedwetseni wa fosholo malume

Gertrude kwa Omar 17:36
mtengo wa mango ndikuuona. pali anthu ambiri, ena makapu oyera ena majekete, asakanikirana. akupita kapena akubwera?

Gertrude kwa Malume Phillip 17:37
akupita kapena akubwera

Gertrude kwa Omar 17:38
jeneza ndaliona. alinyamula anthu awiri okha

Malume Phillip 17:40
Tsika pomwepo. Ndakuona.

Omar 18:14
achemwali mnyumba muli azimayimo sindingalowe, ndili panja ndi amuna. ndinawanong'oneza mmene munanenera

Omar 18:17
funsani amayi mbale ya buluu yovundikira, ili pamwamba pa kabati. ababa anachotsa chiwindi mmawa asanagawe nyama, anati wina asakhudze nchamwini. chaka chilichonse amadikira mpaka matola yomaliza idutse ndiye amandipatsa ine. amayi achiwotcha. lero sindidya ine

Gertrude kwa Omar 18:25
andipatsa. akhala pambali panga akundiyang'ana mpaka ndimalize

Gertrude kwa Ababa 18:41
ababa ndine Jalia. ndabwera